Nyali ya agogo inapita ndi a sukata

Mwezi wa Juni ndinakwera shapa kuchoka ku Ulongwe kupita ku Moatize kukaona anganga, ndipo nditangolowa mnyumba maso anga anathamangira pa msomali uja wa kuseri kwa chitseko. Msomali ulipo koma palibe chapachikidwapo. Chikhalireni pamenepo pankakhala nyali ya agogo aamuna, ija ankavala pamutu polowa mu mgodi, yokhala ndi chingwe chakuda chokhuthala chotsikira ku batire lolemera lomwe ankamangirira mchiuno pa lamba. Tili ana tinkaletsedwa kuigwira, koma tsiku lomwe mtima wawo uli mmalo ankaitsitsa okha nkumativeka mmodzimmodzi, batire lija likutikokera pansi, iwo nkumati imani chilili inu, ine ndinkayenda nalo limeneli tsiku lonse mumdima.

Ndinafunsa kuti anganga, nyali ija ili kuti? Anandiyang'ana kaye nkuti, "Anatenga anyamata a sukata aja, ogula zitsulo zakalewa, anandipatsa ya ufa ndi sopo. Kodi unkaifuna iwe?" Ndinasowa choyankha. Ndipo sindikuwaimba mlandu ayi, munthu wamkulu ngati uja, mwamuna anatisiya kalekale, ana ali kutali, nde pabwere munthu pakhomo ndi sikelo ndi ndalama mmanja kufuna chinthu chomwe chimangodya fumbi pakhoma, akanirenji? Anagulitsanso kachidutswa ka njanji komwe agogo ankawongolerapo makasu ndi zikwanje. Kapasete yokha, chipewa cholimba cha mu mgodi chija, ndi yomwe inapulumuka poti si yachitsulo, ndinaipeza kuseri kwa khitchini ataigadamika, muli madzi akumwa nkhuku.

Mwina chikanakhala chaka china ndikanangodandaula pang'ono nkuiwala. Koma zinangochitika kuti masabata angapo mmbuyomo msuweni wanga, mwana wa amalume yemwe ali pa sukulu ku America, anatumiza kavidiyo pa gulu lathu lapachibale la pa WhatsApp, ndipo kavidiyo kameneko kanali kasanandichoke mmutu.

Mu vidiyomo simukumveka mawu a munthu, phokoso lokhalokha, chipinda chachitali chodzaza makina akale owombera nsalu ali pa mizere, malamba akuzungulira kuchokera kudenga, iye akukuwa koma osamveka, kenako akuonetsa timphira tomwe amupatsa pakhomo kuti atseke mmakutu. Pansi pake analemba kuti "asuweni, iyi ndi paki." Ine ndinati paki yanji yopanda mbawala, yopanda ndi mtengo womwe? Poti ife tikamva paki timaganiza za Gorongosa kapena Magoe, tchire ndi nyama. Nde tinayamba kulemberana, masiku angapo, ine kufunsa iye kuyankha, zina ndikuwerenga ndekha pa intaneti usiku bandulo ikakhalapo.

Malowo ndi mzinda wa Lowell ku Massachusetts, pa mtsinje wa Merrimack. Pamenepo pali mathithi otchedwa Pawtucket pomwe madzi amatsika pafupifupi mamita 10, ndipo mzaka za mma 1820 anthu achuma anaona kuti mphamvu ya madzi imeneyo ingayendetse makina. Anakumba ngalande zodutsa mumzinda, zonse pamodzi pafupifupi makilomita 9, madzi nkumalowa pansi pa mafakitale kukazunguza mawilo, mawilowo nkumakoka malamba, malamba nkumayendetsa makina opota ndi kuwomba thonje. Kunalibe magetsi nthawi imeneyo, madzi okha basi. Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbukira Cahora Bassa, kuti nzeru yake ndi yomweyo, kungoti ife madzi a Zambezi timawasandutsa magetsi kaye nkuwatumiza pa mawaya mpaka ku South Africa, pomwe iwo ankawagwiritsa ntchito pompo.

Ogwira ntchito oyamba ambiri anali atsikana ochokera mmidzi ya alimi, ankagona mnyumba za kampani, belu ndi lomwe linkawadzutsa, kuwadyetsa ndi kuwagoneka, ndipo ankagwira maola opitirira 12 pa tsiku. Mu 1834 ndi mu 1836 atsikanawo ananyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro ndi ndalama ya malo ogona. Pambuyo pake kunabwera anthu ochokera ku Ireland, ku Canada, ku Greece, ku Poland, ndi Apwitikizi omwe, a ku zilumba za Madeira ndi Azores. Chimenechi chinandikhudza mwa mtundu wina, kuti nthawi yomwe Mpwitikizi kuno anali bwana wogwiritsa anthu chibalo, mbale wake wosauka anali kutsidya kwa nyanja akupuma fumbi la thonje mu fakitale ya munthu wina.

Kenako mzindawo unagwa. Kuyambira mma 1920 eni mafakitale anayamba kusamukira kummwera kwa dzikolo komwe antchito anali otchipa, ndipo pofika mma 1950 mafakitale akuluakulu aja anali atatseka. Kunatsala zinyumba za njerwa zofiira zopanda magalasi, ngalande zodzaza zinyalala, anthu opanda ntchito, achinyamata akuthawa. Ena ankati tingogwetsa zonsezi, ngalande tikwirire tipangepo misewu, ndipo zina anagwetsadi.

Apa mpamene pali nkhani yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi. Amene anayamba kunena kuti ayi tisagwetse sanali alendo odzaona malo kapena akuluakulu a ku likulu. Mmodzi mwa iwo anali mphunzitsi wa mumzinda momwemo, Patrick Mogan, yemwe ankaona kuti ana a sukulu akuchita manyazi ndi kwawo, akuchita manyazi kuti makolo awo anali a mu fakitale, nde iye nkumati mzinda wonsewu ukhale kalasi, mwana aphunzire poyenda mmbali mwa ngalande yomwe agogo ake ankadutsa popita ku ntchito. Anagwirizana ndi anthu ena, mmodzi wa iwo Paul Tsongas, mwana wa mumzindamo wochokera ku banja la Chigiriki yemwe anadzakhala phungu ku Washington, mpaka mu 1978 boma linakhazikitsa Lowell National Historical Park.

Ndipo pakiyo ilibe mpanda. Msuweni wanga akuti tsiku loyamba anayenda theka la ola akufunsa kuti geti lili kuti, osadziwa kuti ali kale mkati. Boma lili ndi nyumba zochepa chabe, zambiri ndi za anthu wamba ndi za mzinda, mafakitale ena anawasandutsa nyumba zogonamo, ena maofesi, ena malo a anthu aluso, koma kunja kwake anasiya mmene zinalili. Ku Boott Cotton Mills, komwe anajambula kavidiyo kaja, kuli makina 88 a mma 1920 ndipo ena amawalizadi kuti munthu umve ndi thupi lako chomwe mayi wa nthawi imeneyo ankamva tsiku lonse. Ana a sukulu amabwera ndi aphunzitsi awo ku malo ophunzirira omwe pakiyo imayendetsa limodzi ndi yunivesite ya mumzindamo, amawomba nsalu ndi manja, amayesa kupanga timawilo ta madzi. Anajambulanso mawu a anthu okalamba omwe anagwirako ntchito mmafakitalemo asanamwalire, ndipo mawuwo alipo, mdzukulu angathe kupita kukamva agogo ake akufotokoza. Mwezi wa Julayi kumakhala chikondwerero cha nyimbo ndi zakudya mmisewu, cholowa ulere, mipingo ndi magulu a mitundu yosiyanasiyana akuphika zakwawo nkumagulitsa. Anthu a ku Cambodia omwe anafika mma 1980 pothawa mavuto kwawo, omwe sanagwirepo ndi tsiku limodzi lomwe mu fakitale ya thonje, nawonso nkhani yawo inalowa mmenemo poti tsopano mzindawo ndi wawonso.

Sikuti zonse zili bwino ayi. Msuweni akuti nyumba za mmafakitale akalewo lendi yake si ya munthu wosauka, moti mdzukulu wa mayi yemwe ankawomba nsalu mchipinda chimenecho mwina sangakwanitse kugonamo lero. Zimenezo nzowawa ndipo ndi chenjezo. Koma chomwe ndinawalemekezera nchakuti sabisa zonyansa. Amanena poyera kuti thonje lomwe linalemeretsa Lowell linkalimidwa ndi akapolo achikuda kummwera, amanena za ana ogwira ntchito, za zala zoduka, za mapapo. Ife a kuno tikudziwa thonje nchiyani, azigogo athu mmadera ambiri a Mozambique analilima mokakamizidwa kuyambira 1938 mpaka 1961, munda wa chakudya uli gone, nde ndikamva kuti kwinakwake anthu akunena chilungamo pa za thonje ndimatchera khutu.

Tsopano tibwerere kwathu. Moatize ndi tauni yomwe inabadwa ndi malasha ndi njanji. Njanji yochokera ku Dona Ana inafika kuno mu 1949, yolumikiza migodi ndi doko la Beira, ndipo amuna ankachokera mbali zonse kudzafuna ntchito, Anyungwe a pompano, Asena a kumunsi kwa Zambezi, ndi ife a ku Angonia. Agogo anatsika kuchoka kumapiri kozizira kuja ali mnyamata, ankati sabata yoyamba ankaganiza kuti afa ndi kutentha asanalowe nkomwe pansi. Migodi ya nthawi imeneyo sinali ngati mayenje akuluakulu a lerowa omwe magalimoto aakulu ngati nyumba amatsikiramo, inali ya pansi pa nthaka, yokhala ndi dzina la Chipanga ndi nambala yake. Dziko litalandira ufulu migodi inadzakhala mmanja mwa boma pansi pa kampani ya Carbomoc, kunabwera akatswiri a ku East Germany, kenako nkhondo inadula njanji ya Sena mma 1980 malasha nkumangounjikana opanda kopita, ntchito nkuzilala.

Ndipo pali Chipanga 3. Pa 2 Ogasiti 1977 mu mgodi umenewo munaphulika gasi, amuna 64 anafera pansi, ndipo tsiku lomwelo anthu atakwiya anapha azungu 9 oyang'anira migodi. Chaka cha mmbuyo mwake, 1976, kunali kutachitika kale ngozi ina yaikulu ku Chipanga 6. Agogo za tsiku limenelo sankafotokoza, tikafunsa ankangoti "iwe, siya zimenezo" nkutuluka panja. Anganga ndi omwe anandiuzako kamodzi kuti azimayi anathamangira ku mgodi ena opanda ndi mpango womwe kumutu, ndipo kuti kwa masiku angapo mu bayiro monse simunamveke wailesi. Ine ndinaphunzira sukulu mchigawo chomwechino mpaka kumaliza, ndinaloweza mitsinje ya ku Ulaya, koma palibe tsiku lomwe mphunzitsi anatitengera pamalo nkutiuza kuti apa panafera anthu, mayina awo ndi awa. Funsani mwana wa zaka 15 ku Moatize lero kuti Chipanga 3 nchiyani muone ngati ayankhe.

Zatsopanozi tonse tikuzidziwa. Kampani ya migodi ya Vale inapatsidwa malo mu 2004, inayamba kutulutsa malasha mu 2011, mabanja opitirira 1,300 anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchoka mtauni, ena ku bayiro ya 25 de Setembro, ndipo mwa midzi yomwe inasamukayo munali Chipanga yemweyo. Anamanga njanji ya makilomita opitirira 900 yodutsa ku Malawi kukafika ku Nacala, kenako mu 2022 mgodi unapita mmanja mwa kampani ina, ya Vulcan. Mzaka zosakwana makumi awiri mwini wasintha, ndipo ndi mmene zimakhalira, kampani imabwera nkupita. Malasha nawonso tsiku lina adzatha kapena ogula adzasiya kuwafuna, maiko ambiri akunena kale zimenezo. Funso langa ndi lakuti tsiku limenelo tidzatsala ndi chiyani choti nkuloza? Ku Lowell anachedwa, anayamba mafakitale atatseka kale, koma mwayi wawo unali woti nyumba za njerwa sizinyamulika pa njinga. Zathuzi zimanyamulika. Chitsulo chilichonse chakale chili ndi mtengo pa kilo, ndipo mgodi wa pamtunda ukamakula umameza malo akale ndi mayina ake omwe.

Ndikudziwa chomwe ena anene, poti mnzanga wina wandiuza kale pamaso. Akuti iwe anthu akupuma fumbi, zovala sungayanike panja, ufa ukauyanika umada, achinyamata alibe ntchito, nde ukubwera ndi nkhani ya miyuziyamu? Sindikumutsutsa pa za fumbizo, ndaziona ndi maso, anganga amapukuta tebulo kawiri pa tsiku nsanza nkumada bii. Koma ine ndikuona kuti nkhani ziwirizi ndi imodzi. Munthu yemwe akudziwa kuti agogo ake anatsika pansi pa nthaka iyi, kuti ena sanatulukemo, kuti tauniyi inamangidwa ndi misana ya anthu a kwawo, amayankhula mosiyana akakhala pa msonkhano ndi akuluakulu a kampani. Sapempha ngati mlendo. Ndipo za ndalamazo, sindikunena zomanga chinyumba cha magalasi ayi. Ku Wales kuli mgodi wa malasha wotchedwa Big Pit womwe unatseka mu 1980 nkutsegulidwanso mu 1983 kuti anthu azikaona, ndipo omwe ankatsika ndi alendo mamita 90 pansi, atawaveka kapasete ndi nyali, anali amuna omwewo omwe ankakumba malasha. Chuma chachikulu cha malo amenewo ndi pakamwa pa anthuwo. Ifenso tili nawo, akhala pansi pa mitengo mmabayiro a Moatize ndi ku Cateme, ena maso anafooka, ena akutsokomola, ndipo chaka chilichonse tikuika mmanda awiri atatu.

Ku Maputo a CFM, kampani ya njanji ya boma, anatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya njanji pa siteshoni yaikulu ija mu 2015, nzabwino, koma mwana wa ku Moatize adzafikako liti ku Maputo, ulendo wa makilomita opitirira 1,500? Chikhala cha ife nchomwe chili pomwe tingafike wapansi. Mmaganizo mwanga ndimaona chinthu chaching'ono, chipinda chimodzi pafupi ndi siteshoni kapena pa sukulu, khoma limodzi lolembedwa mayina a omwe anafera mu migodi, matebulo oikapo zomwe mabanja angabwereke, makadi a ntchito, zithunzi, nsapato, nyali, aliyense dzina la mwini wake lili pompo kuti asaope kuti zalandidwa. Loweruka mdala mmodzi azikhala pampando ana nkumamufunsa, mu Chinyungwe, mu Chichewa, mu Chisena, mmene angathere. Ophunzira a sukulu ya za migodi ija ya ku Moatize azibwera kudzamva mmene denga linkalirira lisanagwe, zomwe mu buku mulibe. Oumba njerwa nawonso, azimayi omwe ankagulitsa chakudya pa geti, a njanji omwe ankathira malasha pamoto mu sitima za nthunzi, onsewo ndi nkhani imodzi. Makampani ngati akufuna kuthandiza athandize, ali ndi udindo, koma asakhale iwo olemba nkhaniyo, chifukwa akalemba iwo mudzangokhala zithunzi za anthu akumwetulira atavala mayunifomu atsopano.

Ndisanabwerere ku Ulongwe ndinatenga kapasete ija, nkhuku ndinaziikira chibakuli china, ndinaitsuka ndi phulusa. Mkati mwake, pa kalamba kozungulira mutu, muli zilembo ziwiri zomwe agogo anazokota ndi msomali wamoto, ndinali ndisanazionepo. Anganga atandiona ndikuipukuta anati, "Ngati ukufuna za mgodi pita kwa anzawo aja a kuseri kwa msika, akadali moyo, koma upite mmawa, masana amagona."

Ndinapita mmawa mwake ndi shuga ndi buledi. Ndinawapeza akhala pa mpando wa ndalema, ndodo ili pambali, ndinagwada nkudzitchula kuti ndine mdzukulu wa uje wa ku Angonia. Anandigwira dzanja nthawi yaitali osalisiya. Nditawaonetsa kapasete anaitembenuza, nkupapasa ndi chala pa kachitsulo ka kutsogolo kokolekapo nyali, nkuti "iyi ndi ya ife, za masiku ano sizikhala chonchi." Ndinapempha kuti agogo, mungalole ndijambule mawu anu pa foni, kuti ana anga adzamve? Anaseka pang'ono nkuti ndani angafune kumva za ine, koma anakhala tsonga, nkukonza kolala ya malaya.

Anayankhula ola limodzi ndi mphindi 40, Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa kuti ndimve, apo ndi apo Chipwitikizi akafika pa mayina a zipangizo. Anandiuza mmene ankawasechera pa geti kuti wina asalowe ndi machesi kapena fodya, mmene ankagogodera denga ndi chitsulo nkumvetsera, likalira mwa mphwa ndiye kuti thawani, mmene makoswe a pansi ankawasiyira nyenyeswa za chakudya poti khoswe akayamba kuthawa nawenso usafunse. Anandiuza kuti agogo anga ankaimba nyimbo za ngoma za kwathu pokankha ngolo mpaka Anyungwe anaziloweza osadziwa tanthauzo. Atafika pa 1977 anakhala chete, foni ikungowerenga masekondi, ine osadziwa kuti ndizimitse kapena ayi. Kenako anayamba kutchula mayina, mmodzimmodzi, akuwerenga pa zala, ena dzina loyamba lokha, ena dzina la ntchito lomwe ankaitanirana pansipo, ena mudzi wokha womwe ankachokera. Anafika pa 11 nkuima, nkuti ena aja andithawa mmutu, ubwerenso mwina adzabwera.

Mawuwo ndawasunga pa foni, pa memori khadi, ndipo ndatumizanso kwa msuweni uja ku Lowell kuti akhale malo atatu. Mdalayo anandiuza za anzake ena awiri, mmodzi ali ku Cateme, winayo akuti anabwerera kwawo ku Tsangano ndipo sakudziwa ngati akadali moyo. Wa ku Cateme ndikupita kukamuona mwezi wa mawa malipiro akangotuluka, ndipo ngati wina wa inu owerenga ali ndi agogo kapena anganga omwe anagwirako ku Chipanga, kapena pa njanji, kapena kanthu kalikonse kakale kali pa msomali kuseri kwa chitseko, chonde a sukata akabwera auzeni kaye kuti adikire.